Mwendo wa msoti wa pachinkhoswe changa

Lamlungu, 4 Ogasiti 2024

Ine Millie Muhiwa, mwini digiri ya sayansi, mphunzitsi wa Fizikisi, nzika yomvera malamulo ya pa Chinakanaka, ndikupereka dandaulo langa kwa buku lino, poti makutu onse a pakhomo pano alandidwa. Dandaulo ndi ili: chingwe changa choyanikapo zovala chadulidwa. Odula ndi achimwene anga a Bizwick. Akuti chimatchinga njira ya chipolopolo.

Achimwenewa ndi apolisi a pamsewu. Anapita ku China kukaphunzira za kayendedwe ka magalimoto, ndiye tsiku lina masana anawatengera kokaonerera apolisi apadera akumeneko akuwombera. Masana amodzi okha. Abwerako ngati anabadwira mumpope wa mfuti. Tikamadya, nkhani ndi QBU-88, imene akuti magazini ake, mosungira zipolopolo muja, amakhala kumbuyo, pafupi ndi phewa. Tikamapemphera amangodikira ameni kuti ayambe za CS/LR4, ya akatswiri owombera patali, imene iwo anaigwira nthawi yojambulitsa basi.

Abweranso ndi sikopu, kachubu ka magalasi koonera patali kamene amaika pamwamba pa mfuti. Anaigula m'sitolo ya pafupi ndi hotela. Aimangirira ndi malegeni pa mfuti ya mpweya ya malemu bambo. Mdani wawo ndi kabawi amene akutha anapiye a amayi.

Loweruka ndi chinkhoswe changa ndi Hopewell. Nkhoswe yaing'ono, yodzapereka msoti kwa akuchimuna, ndi achimwene omwewa. Ambuye atichitire chifundo.

Lolemba, 5 Ogasiti

Ndawafotokozera achimwene mwaulemu. Diso likuyang'ana pamwamba, chipolopolo chikutulukira pansi, ndiye pafunika kuwombera kaye papepala mpaka ziwirizo zigwirizane. Komanso chinthu chomangira malegeni chimasuntha munthu akangoyetsemula. Ndawajambulira pansi ndi kamtengo, monga ndimachitira ndi ana a Fomu 2.

Ayankha kuti za m'buku n'zina, za kumunda n'zina. Akuti ku China wowombera amapuma kawiri, n'kusunga mpweya, n'kukoka chala ngati akufinya duwa. Ndafunsa ngati ku China amagwiritsanso ntchito chubu cha njinga. Ati: “Chemwali, pakamwa pakopa ndi pamene pakuchedwetsa kukwatiwa.”

Amayi aseka. Amayi anga enieni.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Kunabwera a Enifa, azakhali a H., kuchokera ku Thuchila. Akuti amangodutsa. Munthu wodutsa sayang'ana kunsi kwa mapoto.

Ndinagwada mpaka mawondo kuchita dzanzi. Anandifunsa ngati kuyunivesite amaphunzitsanso kuphika kalongonda, kapena tizidzadya masamu. Ndinameza mayankho atatu abwino kwambiri, limodzi likundipwetekabe pakhosi.

Kenako anapempha kuona msoti. Amayi anawagwirira uja wamawangamawanga wa khosi lofiira. A Enifa anaunyamula, kuupapasa pachifuwa, kuutambasula mapiko. Anati ndi wabwino, koma ukhale womwewu, chifukwa masiku ano anthu amakuonetsa china n'kukupatsa china. Ponena mawuwo maso anali pa ine.

H. analeredwa ndi iwowa mayi ake atamwalira. Akakana iwo, iye sangakane nawo poyera, komanso sangawasiye. Ndikumudziwa.

B. anawaonetsa sikopu. Anasuzumiramo chotembenuza, n'kunena kuti phiri lathawa.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Zachitika.

Kabawi anatera padenga la khola m'mawa. Achimwene anagona chafufumimba kuseri kwa mtondo, atavala chipewa cha amayi cha kumunda chosomeka masamba a nandolo. Anatiuza ndi manja kuti tikhale chete. Anapuma kawiri. Anasunga mpweya. Anafinya duwa lawo lija.

Kabawi anauluka mosafulumira, ngati munthu wochoka pa msonkhano wotopetsa. Amene analira ndi msoti wanga, umene unali pa makwerero a khola, pansi kwambiri ndiponso chakumanzere. Ine ndinalosera kuti aphonya ndi zala zingapo. Aphonya ndi mkono wathunthu. Ngakhale Fizikisi yadabwa.

Mwendo wakumanja wathyoka. Ndaumanga ndi timitengo ta nsungwi ndi ulusi wa diresi langa la Loweruka. B. anaima pambali akunena kuti ndi mphepo ya chiperoni. Kunja kunali bata loti utsi umakwera chilili.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Msoti wadya madeya pang'ono. Ukuima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Sindikulankhula ndi munthu aliyense wa yunifolomu.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Achimwene analawirira ku Nkando kukasaka msoti wofanana nawo. Abwera ndi nkhuku yoyera ya chizungu, yonenepa ngati pilo, ndi botolo la polishi wa nsapato wofiirira. Akuti mawanga tijambula, zimenezo amati kubisala kwa msilikali. Amayi awalanda polishi uja.

Ndiye tiyenera kusankha pakati pa ziwiri. Tikasintha, a Enifa adziwa, ndipo ndikhala ndendende mkazi amene ananena uja, woonetsa china n'kupereka china. Tikapereka womwewu, anthu onse a ku Thuchila akanena kuti akuchikazi anapereka nkhuku yotsimphina, ndipo pachinkhoswe palibe chimene chimangokhala nkhuku chabe. Adzati ndi chizindikiro. Adzati mkaziyonso ali ndi pena pothyoka.

Ndinamuimbira H. kuti ndimuuze. Anayamba ndi kundiuza kuti azakhali asita kale chitenje chawo ndipo akuoneka okondwa, mwina ayamba kundikonda. Mawu ake anali ngati a mwana. Ndinangoti chabwino, tionana mawa.

Ndili ndi zaka zoti anzanga ana awo ali ku sekondale. Sindinadandaulepo. Koma uyu ndikumufuna, ndipo zikanika chifukwa cha malegeni.

Tipereka womwewu. B. akuti aukulunga m'chitenje mpaka m'khosi, palibe aone miyendo. Madzulo ano ndinawaona atakhala pakhomo pa khola, akuupatsa chimanga m'manja. Sananene za China tsiku lonse.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndilembe ndisanaiwale.

Zoyamba zinayenda. Anatifunditsa zitenje ine ndi atsikana ena, H. anandizindikira ulendo woyamba. Akuti anaona chala chakuphazi chikugunda pansi mosaleza mtima. Akuchimuna anapereka tambala wawo, wamkulu, wamiyendo iwiri yonse. Kenako achimwene anabwera ndi msoti wokulungidwa ngati khanda lochokera ku sikelo.

A Enifa anati nkhuku ya chinkhoswe siibwera itavala. Anamasula okha. Nsungwi zija poyera, ulusi wa diresi langa ukulendewera, mtundu wake womwewo ndi umene ndavala. Anaika msoti pansi. Unayenda katatu, kutsimphina katatu. Ng'oma zinaleka. Kumbuyo wina anati “hii”, ndipo ndinamva mawu akuti chizindikiro akuyenda m'mabenchi. H. anayang'ana azakhali ake, osati ine.

Achimwene anagwada. Pa fumbi, ndi suti ya ku China. Anafotokoza zonse, za kabawi, za sikopu, za malegeni, mpaka za polishi zimene palibe anawafunsa. Anati mlongo wawo anawachenjeza Lolemba ndipo iwo anamunyoza. Anati nkhuku ina yabwinobwino ilipo kuseri, koma pakhomo pano anakana kupereka chimene sanaonetse. Kenako anati:

“Azakhali, nkhuku iyi ndinaiwombera ndi mfuti, koma lero m'mawa yajompha tambala wa amayi mpaka kuthawa. Mlongo wangayu ndi chimodzimodzi. Mukamutenga, simudzasowa wokuuzani zoona, ngakhale musakuzifuna.”

A Enifa anaunyamula msoti uja n'kuyang'anitsitsa mfundo za ulusi. Anafunsa kuti anamanga ndani. Amayi anandiloza. A Enifa anati mfundo zake n'zolimba, koma nsungwi ndinadula zazitali, mwina kuyunivesite sanafike pamenepo. Kenako anaupana m'khwapa n'kufunsa oimba ng'oma kuti kodi alipidwa kuti azitiyang'ana.

Nthungululu. H. anapuma ngati wavuuka m'madzi. Ine ndinaseka, kenako zinasanduka zina, ndinabisa nkhope m'chitenje.

Potsanzikana a Enifa anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anati Lachitatu ndipite ku Thuchila ndikaone mwendo wa nkhuku yawo, ndipo ndikaphike kalongonda aone. Anati “mpongozi”. Ndinamva bwinobwino.

Lamlungu, 11 Ogasiti

Ine Millie Muhiwa, yemwe uja, tsopano wotomeredwa mwalamulo, ndikubwereza dandaulo langa ndi kuwonjezerapo. Chingwe changa sichinabwezedwe. Diresi langa lafupika ndi ulusi. Ndipo pamaso pa midzi iwiri ndafanizidwa ndi nkhuku yowomberedwa, anthu n'kuomba m'manja. Pa msika wa Chinakanaka m'mawa uno mayi wa tomato wandifunsa kuti mwendo uli bwanji.

Choncho ndikulamula chipukutamisozi motere. Sikopu ipite ku labu ya kusukulu kwanga, ana akaone mmene magalasi amagwirira ntchito akakhala m'manja mwa anthu oganiza. Malegeni abwerere ku njinga. Msoti upatsidwe udindo woposa wa achimwene ndi nyota imodzi, ndi penshoni ya madeya moyo wake wonse, ndipo a Bizwick akapita ku Thuchila aziyamba aupatsa sawasha asanapereke moni kwa anthu. Pa ukwati wanga mawu akuti China asamveke, ngakhale pa mbale.

Ndawawerengera zonsezi pakhonde. Avomera, kupatula za sikopu. Akuti aibwereke kaye mpaka Lachisanu, chifukwa kabawi wabweranso, ndipo ulendo uno ayamba ndi pepala.

Tambala wa akuchimuna ndamutsekera kuchipinda kwanga.