Za Filimu ya Loweruka ndi Kiyi wa a Malakai

Komiti ya Kanema, holo ya mpingo, chilumba cha Vava'u
Lachiwiri, 12 Meyi 1987, 4 koloko madzulo

Analipo: Abusa Taniela Moala (Wapampando), mayi Lesieli Vea (woonera mafilimu asanaonetsedwe), a Malakai Kaufusi (woyendetsa makina oonetsera filimu, mlongo wa mayi Vea), mayi Seini Fifita, Paula Havea (Mlembi).
Sanabwere: a Sitaleki Vea, popanda uthenga.

1. Dandaulo

Wapampando anati Loweruka chikwangwani cha pakhomo chinati "Onse", koma m'filimumo munali zachikondi zosayenera ana. Anyamata amene anali m'holo limodzi ndi alongo awo anathawa ndi manyazi, poti mwambo wa kuno sulola munthu ndi mlongo wake kuona kapena kukamba zotere ali pamodzi, benchi imodzi n'kuthyoka. Makolo asanu ndi awiri adandaula.

2. Analemba chikwangwani ndani

A Malakai anavomera kuti analemba ndi iwo, koma palibe anawauza kuti alembe "Zaka 18". Mayi Fifita anati: "Inu achimwene, anthu akuthawa inu mano ali pamtunda. Munkadziwa!" A Malakai anati nkhope yawo ndi yotero chibadwire. Mayi Fifita anapempha kuti alandidwe kiyi wa makina lero lomwe.

Atafunsidwa ngati anaionera filimuyo, mayi Vea anayang'ana pansi. Anafunsidwa katatu. Mayi Fifita anati apachibale akubisirana. Wapampando anauza a Malakai kuti ayambe atuluka.

3. A Malakai ali panja

Mayi Vea anati anaionera Lachinayi ndipo zonsezo anaziona. "Abusa, ndikanayamba bwanji? Zoterozo ndiuze mlongo wanga ndi pakamwa pangapa?" Anati anatuma amuna awo, a Sitaleki, kuti akauze a Malakai, koma iwo anakhotera kokamwa kava, chakumwa cha amuna akamacheza, uthenga n'kuthera komweko. Mayi Fifita anati iwo akhulupirira akamva kwa a Sitaleki, ngati angapezeke.

Chigamulo: kiyi akhalebe ndi a Malakai. Chikwangwani azilemba mayi Vea.

4. Zina ndi zina

Mlembi anafunsa ngati mfundo 3 idzawerengedwe pa msonkhano wotsatira a Malakai ndi mlongo wawo ali pamodzi. Anagwirizana kuti isadzawerengedwe.

A Malakai ataitanidwa anauzidwa kuti nkhani yatha. Anati: "Yatha bwanji? Mwandinena chiyani muno?" Anayang'ana aliyense, kupatula mlongo wawo, n'kusiya kiyi patebulo. Anati adzamutenga tsiku limene adzauzidwe zimene zanenedwa iwo ali panja. Kiyi ali ndi Mlembi, amene sadziwa kuyendetsa makina.

Msonkhano wotsatira: 9 Juni 1987. Abusa anatseka ndi pemphero 5:40.

Taniela Moala, Wapampando ____________
Paula Havea, Mlembi ____________