Amayi, ndawapeza ang'ono anu a ku Beira

Amayi anga, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Kandeu tilipo. Chimanga chachita bwino, kupatula cha kumunsi kwa munda chomwe chinalowa mbozi. Achimwene ku Bwanje akolola mpunga, ndipo alamu abereka mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu, Esinati. Kulira kwake n'kwaukali, moti tonse tavomereza kuti dzinalo lagwera mwini wake.

Koma nkhani yomwe ndakhalira pansi ndi ya ang'ono anu, a Lusiya, amene munasiyana nawo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Paja munandigwira dzanja m'chipatala muja n'kunena kuti, "Lusiya adzamve kuchokera pakamwa pako." Ndinavomera msanga chifukwa ndinkafuna kuti mugone. Sindinkadziwa kuti ndidzayambira pati.

Titachotsa zovala zanu, ndinapeza kapepala m'buku lanu la nyimbo. Panali nambala ya foni ndi dzina la Selina, mwana wa a Lusiya, wa ku Beira. Ndinaimba. Anayankha m'Chipwitikizi, ine ndikuyankhula Chichewa, iye n'kudula. Ndinayesa Chingerezi changa cha Sitandade 8, anadulanso. Sindimuda, Amayi. Nanenso nambala yachilendo ikandivutitsa ndimayesa ndi akuba a pafoni aja.

Ndinakadandaula kwa a Nambewe, aphunzitsi a kusekondale omwe timaimba nawo kwaya. Iwo anati, "Musavutike asisi, lembani uthengawo, foni iutembenuza yokha, titumize pompano." Ndinakana. Munkatikalipira inu kuti za maliro munthu amapita yekha, n'kukhala pansi, kenako n'kunena. Ndiye ine imfa yanu ndiitumize ngati mtengo wa feteleza? A Nambewe anangoseka, n'kundiikira m'foni pulogalamu yophunzitsa Chipwitikizi.

Amayi, mukanaseka mpaka misozi. M'fonimo muli mayi wina wa mawu osalala amene amanena chiganizo, iwe n'kubwereza, iye n'kukuuza ngati wakhoza. Satopa, sakwiya, salusa. Mukanakhala inu mphunzitsi wake, bwenzi chikho chitandipeza pamutu tsiku loyamba lomwe. Ndinkaphunzira ndikupalira, foni ili m'thumba la epuloni, ndipo anthu odutsa ankayesa kuti maliro andizunguza mutu. Amuna anga, bambo a Tadala, ankati m'nyumba mwabwera mkazi wachiwiri, koma wa ine. Masiku ena netiweki inkathawa, ine n'kukaima pachulu cha kuseri kwa khola, kumalonjera mbuzi m'Chipwitikizi.

Chinanditopetsa n'chakuti mayi wa m'foniyo ankandiphunzitsa kuitanitsa khofi ndi kufunsa njira ya kubwalo la ndege. Ine ndege ndikwera liti? Ndinatsala pang'ono kusiya. Kenako ndinaganiza zongotola mawu omwe ndikuwafuna, monga mmene munkasankhira nyemba pa lichero: mwana, mayi, mkulu, chonde, musadule. Ndinawalemba kuseri kwa kalendala, ndipo a Nambewe anandithandiza kuwalumikiza. Zinanditengera kuyambira kupalira mpaka kukolola. Nthawi yonseyo achimwene ankafunsa za chiliza chanu, ine n'kumati tidikire, sitingamange m'bale wanu asakudziwa n'komwe kuti munapita.

Lamulungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, ndinasamba m'manja, n'kuvala chitenje chanu chobiriwira chija. Ndinakwera pachulu paja n'kukhala pansi, miyendo yotambasula. Selina atayankha ndinathamanga nawo mawu: "Chonde musadule. Ndine mwana wa Esinati, mkulu wa mayi anu." Kenako ndinamva akufuula, mapazi akuthamanga, chitseko chikumenyetseka. Anandiuza mawu ambirimbiri, ine ndinagwirapo amodzi okha, akuti dikirani.

Ndiye panabwera mawu ena, a munthu wamkulu, m'Chichewa chathu chomwechi: "Ndani kodi? Esinati?"

Amayi, anali mawu anu. Kukoka kwake, kupuma kwake, ngakhale kaukali kaja. Chipwitikizi chonse chinandithawa, ndipo sichinafunikenso. Ndinati, "Ndine Ruti, mwana wawo. Amayi, ndakhala pansi. Nanunso khalani pansi." Kenako anati, "Ndakhala, mwanawe. Nena." Ndinanena. Tinalira limodzi nthawi yaitali, iwo ku Beira, ine pachulu, mbuzi zikundiyang'ana. Atatonthola anafunsa ngati munavutika, ndinawauza kuti ayi, munangogona. Anati kwa zaka zambiri analibe woyankhula naye Chichewa, moti ankadziyankhulira okha akamatsuka mbale kuti asachiiwale.

Akuti abwera ndi Selina mvula isanayambe. Achimwene ayamba kale kututa mchenga, koma ndawauza kuti nsalu ya pachiliza adzaivundukula ndi a Lusiya, osati wina. Maphunziro a pafoni sindinasiye, chifukwa Selina Chichewa sadziwa, ndipo sindifuna kuti adzakhale yekha pamkeka ngati mlendo pamudzi pa mayi ake aakulu. Dzulo ndaphunzira kunena kuti, takulandirani kwanu.

Zomwe munandituma ndachita, Amayi, ndipo amva kuchokera pakamwa panga. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani. Akadzafika ndidzawagwira dzanja mpaka pamene mwagonapo, mudzalonjerane nokha.

Ndine mwana wanu,
Ruti