Sindipepesa kwa Nesi

Lachiwiri, 12 Juni 1990
Ba Justina, akulu anga, awachita opaleshoni m'mawa. Chotupa cha m'mimba chachotsedwa. Minibasi kusowa, kuchoka kwathu ku Bauleni theka la njira tayenda wapansi. Bulangete ndi sopo tapita nazo tokha, kuchipatala kulibe.

Lachitatu, 13 Juni

Masana ululu unakula, anawabaya jakisoni wa petidini wopha ululu, wachiwiri. Ziii. Alamu anga ba Wilbroad kusangalala: "Ona, agona bwino manje." Ine mtima osakhazikika. Ku Kabulonga kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba ndinadwazikapo bambo awo a madamu, abwana anga. Dokotala wawo anandichenjeza: mankhwala otere amachedwetsa kupuma, magazi n'kusowa mpweya. Ndinatenga wotchi ya alamu. Kupuma kasanu kokha pa mphindi. Milomo bii, zikhadabo zotuwa. Kuwatsina, osatakataka.
Ndinathamanga kukauza nesi. Iye akuti: "Iwe wanchito wa m'nyumba ufuna kutiphunzisa nchito?" Belu lotulutsa alendo linalira. Sindinatuluke. Ndinakakamira chitsulo cha bedi n'kukuwa mpaka odwala ena anayamba kukuwa nane. Mlonda kundikoka, bulauzi kung'ambika paphewa. Phokosolo ndi limene linabweretsa ba dokotala Mukuka. Anangotukula chikope cha ba Justina, nkhope kusintha. Jakisoni wina, silinda ya okosijeni kuikoka kuchokera ku wodi ina. Kenaka chifuwa kukwera. Kutsokomola. Amoyo!

Lachisanu, 15 Juni
Alamu akuti ndinawachititsa manyazi, ndikapepese kwa nesi kuti asamusale wodwala. Sindipepesa. Akapepese iwo amene anaima manja m'thumba.
Madamu atumiza uthenga: masiku atatu osaoneka, ndisabwerenso. Chabwino. Ufa wakweranso, ndikudziwa. Chabwinobe.

Lolemba, 18 Juni
Ba dokotala anachepetsa mankhwala aja. Ba Justina akumva ululu wonse tsopano, thukuta kamukamu, mano gwa. Za Lachitatu sakukumbuka kanthu. Wina wawauza kuti ndine ndinaletsa jakisoni. Anandiyang'ana ndi maso ofiira: "Ketty, ndiwe mfiti. Nenze kugona bwino ine." Ndimati ndiwapukute kumaso, anandikankha dzanja, mwamphamvu ndithu.
Ndinakalirira kuseri kwa chimbudzi, pang'ono chabe. Anditukwane mmene angafunire. Mawa m'mawa ndikuwapititsira phala, ndipo amwa lonse.