Thumba la Mkodzo wa Saidi

Mwana wanga Asiyatu,

Landira salamu kuchokera kuno ku Lulimile. Ine ndilipo, mawondo okhawa ndi kuzizira. Koma mwana wako Saidi ali m'chipatala, lero tsiku lachinayi. Malungo aja akuti afika ku impso.

Anamuika kapaipi kotengera mkodzo m'thumba lopachika pabedi. Iwe ukudziwa kuti mkodzo ndi najisi, umadetsa malo opempherera, ndipo ine ndimaswalira pambali pa bedi lomwelo. Ndiye dzulo m'mawa ndinakhuthula thumbalo n'kukataya kuchimbudzi. Namwino atalipeza lopanda kanthu anathamangira dotolo. Ndinamva akuti impso zaima, mwana atumizidwe ku Nampula. Ine ndinati, "Ndataya ndine."

"Anganga, unali wochuluka bwanji?" anafunsa dotoloyo.

Ndinamuonetsa ndi zala. Iye anati zala sizithandiza, iwo amayeza dontho lililonse kuti adziwe ngati impso zikugwira ntchito komanso mankhwala amene thupi lingapirire. Ndinamuyankha kuti ndalera ana asanu ndi awiri osayezapo mkodzo wa munthu. Sindinapepese, pakuti palibe anandiuza. Koma chakudya chinandikanika tsiku lonse.

Ayambanso kuyeza, magazinso atenga. Alemba mzere pathumbapo, akuti mkodzo ukapanda kufika pamenepo mawa m'mawa, tinyamuka. Panopa udakali pansi ndithu.

Pempha kwa patarawu, bwana wakoyo, ubwere, usadikire mwezi kutha. Saidi akatsegula maso amaitana iwe, osati ine. Mulungu akusunge panjira.

Ndine mayi ako.