Sindinatsike pa Dondo

Lalapanzi,
22 Januwale 1939

Okondedwa achemwali a Loyce,

Landirani moni wochokera kuno kumigodi. Kaya mukudzuka bwanji pamodzi ndi ana? Nanga miyendo ya amayi ija inasiya kutupa? Ife tili bwino, kungoti kamwana kathu Dorah kakumera mano, ndiye kakuvuta kuyamwa.

Kalatayi yandilemera kulemba. Ndamva kuti munaphika thobwa, ndipo akwawo kwa Elifas anabwera ndi tambala wawo kudzamanga unkhoswe wa mwana wanu Estere, koma malume ake woti alandire tambalayo sanaoneke. Musaganize kuti anandimana tchuthi. Anandipatsa, chitupa anadinda, sitima ndinakwera.

Paja mkazi wanga Ernestina kwawo ndi ku Beira, ndipo makolo ake anali asanamuonepo Dorah. Tinapangana kuti pa Dondo, pamene njanji imapatukira kwathu ku Nyasaland, tisatsike kaye, tikawaonetse mdzukulu wawo kenaka tibwerere. Apongozi anga a Eusébio ali ndi ngalawa ya matanga yonyamulira kokonati ndi nsomba zouma m'mbali mwa nyanja yamchere. Tinawapeza akupakira katundu. Anati abale onse akusonkhana pa chilumba cha Chiloane kukadya Khirisimasi, ndipo mkamwini sangafike pakhomo n'kubwerera pakhonde. Mukudziwa nokha kuti apongozi satsutsidwa. Ndinangovula chipewa n'kukwera.

Ndikanatha kunamizira mphepo, poti inatichedwetsadi panjira, koma inu sindingakunamizeni. Achemwali, ine ndinakondwa. Poyamba ndinasanza mpaka alamu anga kumandiseka kuti munthu wa kumapiri wakumana nazo. Kenaka ndinazolowera, n'kumakoka nawo zingwe za matanga. Munthu wozolowera kukwawa chamimba m'mgodi, fumbi lili kukhosi, ndinapuma mpweya wabwino mpaka chifuwa changa chija kuleka. Tinkaima m'magombe a mchenga woyera, kuwotcha nkhanu zazikulu ngati mbale, Dorah akungopatsirana m'manja mwa azakhali ake.

Pachilumbapo panapezeka ngalawa ina yobwerera ku Beira nthawi idakalipo. Ernestina anandikakamiza kuti ndikwere ndekha, ndikafike ku Ntcheu, iye ndidzamupeza pobwerera. Ndinamuyankha kuti ndikwera yotsatira. Yotsatirayo sinabwere, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti sibwera. Tsiku limene munaika la unkhoswe ndinali kuvina pamchenga ndi abale a eni, nditakhuta mpunga. Ndinalikumbukira bwinobwino tsikulo, koma sindinauze munthu.

Pobwerera masiku a pachitupa anali atatha. Pa Dondo ndinaiona sitima ya kwathu itaima, anthu akukweza mitolo, akuyankhula chinenero chathu. Ndinakhala pansi kuti wina asandizindikire. Kuno kapitawo wandiuza kuti za tchuthi china ndiiwale mpaka zaka ziwiri.

Nikodemo wa kutsidya kwa dambo, amene wangofika kuno kudzafuna ntchito, wanditsina khutu kuti Elifas akufuna kupita ku Joni akakolola, ndipo kwawo ayamba kunena kuti mbumba yopanda mwini sakwatirako. Madzi akatayika saoleka, koma Estere asataye banja chifukwa cha ine.

Pempho langa ndi limodzi. Itanani Nehemiya, mwana wa mayi aang'ono, alandire tambalayo m'malo mwanga, mvula isanathe. Tanthauzo lake ndikulidziwa. Iye ndiye adzakhale nkhoswe mpaka kalekale, nkhani za banjalo zizikathera kwa iye, ndipo ana a Estere adzathamangira iye, ine adzangondimva dzina. Udindo umenewu anandisiyira malemu malume Gedion atandigwira dzanja. Palibe wandilanda, ndautaya ndekha, ndipo zikundiwawa. Musadikirenso kalata ina.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa mayi aang'ono ndi ana onse. Ernestina akupereka moni, ndipo akuti mlandu uwu si wake. Akunena zoona. Estere musamubisire kanthu. Mumuuze kuti malume ake sanadwale ndiponso sanamangidwe, anali ndi njira yobwerera koma sanaitsate. Akakana kundilembera, musamukalipire.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu wamanyazi,
Boston