Akuti ndimaledzera pa sikelo

Aphungu,

Ndiyambe ndi kukonza bodza lomwe lafala ku esiteti kuno: ine sindimwa mowa. Ndine wa Sabata, kachasu ndimangomumvera fungo kwa anthu omwe akundinenawo. Chimene chimandidzandiritsa ndi shuga.

Ndine kalaliki wa pa sikelo, ndimayeza tiyi amene anthu athyola. Ndinafika chaka chachitatu ku yunivesite zinthu zisanasokonekere, ndiye musandiyankhe ngati mwana wa pulayimale.

Mapiritsi a shuga ndimamwa m'mawa, m'mimba mulibe kanthu. Masana kampani imaphika mgaiwa ndi nandolo, koma ine ndikaime pamzere mbale ili m'manja, kumbuyo kwa anthu omwe ndimawayezera madengu? Toto. Ndiye ikafika sikelo yamasana manja amanjenjemera, thukuta kamukamu, manambala n'kumavina. Mlungu watha a Margret, mayi wina wothyola tiyi, anakuwa kuti, "Taonani, a Yunivesite alawa kale dzuwa lili pamutu!" Gulu lonse linafa ndi phwete. Kapitawo wathu, a Fabiano, anati, "Mukadzandiranso pano bwana amva, sikeloyi tipatsa wina."

Ndikafika kunyumba ndimalipsira njala ija: phava lonse la nthochi, mandasi, n'kutsitsira chakumwa chotsekemera. Kenako ludzu ndi kukodza kosaleka. Nditani kuti ntchito isandithere?

B.T., Makwasa

A B.T.,

Shuga sanapite ku yunivesite. Chimene amadziwa n'chakuti mwadya kapena simunadye. Piritsi lomutsitsa mukulimwera pa njala, iye n'kugwera pansi, madzulo n'kumukwezanso ndi mandasi. Ngakhale sikelo yanuyo mutamaichita choncho ikhoza kuthyoka.

Idyani musanatuluke m'mawa. Phala lamgaiwa lothira nsinjiro osati shuga, kapena dzira ndi peyala, poti mapeyala kwanuko amagwa okha. Masana tengani mbale mukaime pamzere. Nandolo amene mukumunyozayo amagwira m'mimba nthawi yaitali osakwezeratu shuga. Nsima ikhale yaing'ono ngati chibakera chanu, ndiwo zichuluke, ndipo ngati masamba kulibe nyamulani a kunyumba m'kakontena. M'thumba musasowe mtedza. Nthochi idyani imodzi, phavalo lili ndi ana omwe akulidikira. Chakumwa chotsekemera chisiyeni.

Maswiti angapo muziyenda nawo, koma ntchito yake ndi imodzi: mukayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, idyani msangamsanga, kenako mupeze chakudya chenicheni. Pitaninso kuchipatala mukanene zonsezi osabisa, kuti aone ngati mlingo wa mapiritsi uli bwino. Musawasiye nokha, musawachepetse nokha. Pemphani kakalata ka adokotala mukaonetse bwana asanamve za mowa kwa ena.

Chovuta kwa inu n'ichi: auzeni a Fabiano ndi a Margret omwe kuti muli ndi shuga, ndi kuti mukagwa athamange nanu kuchipatala, asakuthireni kanthu m'kamwa muli chikomokere. Akuseka lero chifukwa sakudziwa, ndipo sakudziwa chifukwa inuyo simuyankhula ndi anthu a madengu. Shuga akatsikitsitsa amakomola, ndipo wokomokayo akachedwa kuthandizidwa amapita. Kwanuko woledzera akagwa amamukokera pamthunzi n'kumusiya agone.