Mtima wa Dalitso

Lachinayi, Julayi 1996, Zingwangwa. Kwazizira, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Ndili Sitandade 6 ndinapitirira anyamata onse pa mpikisano wa kusukulu. Aphunzitsi anati ndinanyamuka wezulo isanalire. Mpaka lero, ndi digiri yangayi, ndikakhala patsogolo ndimamva ngati ndabera.

Loweruka kuli mpikisano wa makilomita khumi. M'mawa uno ine ndi mlongo wanga wamng'ono Dalitso tinathamanga msewu wokwera ku Soche, ndipo ndinamusiya kutali ngati masiku onse. Koma masana m'minibasi iye ndiye anali kuuza kondakitala kuti, "Achimwene, Loweruka mutsegule wayilesi, mumva dzina langa." Anthu anaseka, wina mpaka anamugwira chanza.

Mayi amugulira nthochi kuti apeze mphamvu. Ine andifunsa kuti, "Iwe Chikondi, mphunzitsi wathunthu, ukavala kabudula pamaso pa ana ako a sukulu?" Poyeserera ndimamanga chitenje pamwamba, koma Loweruka chitenjecho chiyenera kutsala.

Ndikumuchitira nsanje, sindibisa. Miyendo yake sindikuifuna. Ndikufuna mtima wakewo, umene sufunsa kuti anthu anena chiyani.

Fomu yolembetsera yakhala m'bukuli sabata yathunthu, ndipo mawa ndi tsiku lomaliza. Ndaisayina, ndaipinda, ndamupatsa kuti akapereke limodzi ndi yake.

"Achemwali," watero akuiyika m'thumba, "Lowerukalo musandisiye patali kwambiri, pakhala anthu."

Kani amadziwa. Nanga ineyo bwanji...